Dzanja la Apongozi a Yunike

Ku Iponga dzuwa silifika pansi lonse. Limayamba lasefedwa ndi masamba a nthochi, ndiye likamafika pa munthu limakhala lobiriwira, lofewa, moti ngakhale masana umayenda ngati sunadzukitsitse. Ndinakhalako m'zaka za m'ma 1970, mwamuna wanga Alfred ali mlangizi wa ziweto pa dibi la ng'ombe, ndipo mpaka lero ndikamakumbukira za kumeneko ndimakayika kuti zina ndinazionadi kapena ndinangozilota. Koma Yunike yekha sindinamulote. Fungo la mafuta ake a nsatsi linandikhala m'zikhadabo mpaka tsiku limene tinasamutsidwa.

Ine ndine Loveness, kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo pakamwa panga sipanaphunzire kudikira. Amayi a ku Iponga ankandiyang'ana chapatali, koma Yunike anangoyamba n'kundiseka. Ati kwawo mkazi amaitanidwa ndi dzina la bambo ake, tsono popeza bambo anga sakuwadziwa, andiitana ndi ntchito ya mwamuna wanga. Ndinasanduka NyaDibi, dzinalo n'kundikanirira. Za imfa yake ndinamva mochedwa kwambiri, kwa mayi wina wogulitsa mpunga amene ndinakhala naye mpando umodzi m'basi, maliro atapita kalekale. Ndinalira m'basimo osachita manyazi.

Nayenso sanali wa ku Iponga. Anabadwira ku Ngara, kwa asodzi, kumene amalankhula Chitumbuka. Akadali wokwawa anagubuduza mphika wa madzi owira ofutsira usipa, madziwo n'kumutsikira kuchokera kukhutu lamanzere, pakhosi, mpaka paphewa. Bala linapola, koma chipsera chinayamba kukoka mutu wa mwanayo kuti ukagone paphewa. Mayi ake sanalole. M'mawa uliwonse ankamukhazika pamiyendo n'kumamusisita ndi mafuta, kwinaku akuwongola khosilo pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, mpaka mwana anakula mutu uli chilili. Pamene ndinkamudziwa ine chipseracho chinali chosalala, chonyezimira pang'ono, ndipo sankavutika n'kuchibisa. Mutu wokha unkapendekekabe pang'ono, moti nthawi zonse ankaoneka ngati akumvetsera nyimbo yakutali.

"Amama sanandiphunzitse, yayi," ankatero. "Ine ndinaphunzira ndi khosi."

Nsatsi ankathyola yekha, kuzikazinga, kuzisinja, n'kuziwiritsa mpaka mafuta atayandama. Mafutawo ankasakaniza ndi phula la njuchi ndi ufa wa chipatso cha mvunguti chouma. Kuseri kwa khitchini yake anabzalako kachomera ka masamba onenepa, a minga m'mbali, kotuluka madzi oterera ukathyola tsamba, ndipo madzi amenewo ndiwo ankadonthezera pa chipsera choyabwa. Kunkabwera ana ogwera pamoto, atsikana amene mphini zinawatupira, amayi amene ndolo zinawasiyira mpira kukhutu, ndi msodzi wina amene ng'ona ya mumtsinje wa Songwe inangomulawa ntchafu n'kumulavula. Wobwera ndi bala laliwisi ankamubweza kuti akayambe wapita kuchipatala. Ndipo sanalonjezepo munthu kuti chipsera chidzafufutika.

"Chipsera sichichoka, NyaDibi. Ndi khungu limene linachita mantha, sono likudzikunga. Iwe ntchito yako n'kuliuza tsiku ndi tsiku kuti moto unazima."

Ku Iponga anabwera ndi ukwati. Mwamuna wake anali Kenan, mwana wa a Ambokile Mwakalinga, koma pa nthawi imene ndikunenayi Kenan anali ku migodi ku Joni. Akazi a a Ambokile anali atamwalira, ana awo aakazi anakwatiwa kutali. Pakhomopo panatsala Yunike ndi tiana take, ndi apongozi ake aamunawo. Apa ndi pamene ine wa ku Ntcheu ndinagwira pakamwa. Kwathu mkamwini amapatuka panjira akaona apongozi ake, komabe moni amapatsana chapatali. Kwa Ankhonde a ku Iponga osunga mwambo, mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wako, saonana ndi apongozi ake aamuna n'komwe. Sawayang'ana, sawatchula dzina, sakhala nawo bwalo limodzi. Mabanja ena a kutchalitchi anali atayamba kufewetsako, koma a Ambokile ayi.

Yunike anali ndi tinjira take ta m'nthochi, akuluwo anali ndi zawo. Akamadutsa ankatsokomola mwadala, iye n'kulowa m'masamba atafunda chitenje kumutu. Chakudya ankakaika pa chitsa cha pansi pa mango n'kugogoda ndi kamtengo, mbale n'kudzazitenga pambuyo. Polankhula za iwo ankati "eni ng'ombe".

"Ndiye nkhope yawo simuidziwa?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Yayi. Ndimadziwa chifuwa chawo ndi mapazi awo pamatope."

"Nanga mutakumana nawo pamsika ku Karonga?"

"Ndingawagulitse nthochi," anatero, n'kuseka mpaka kugwira m'nthiti.

Ine nkhope yawo ndinkaidziwa, chifukwa pa dibi sankajomba. Anali aatali, owonda, a makutu aakulu, ndipo Chichewa chawo chinali cha ku usilikali, chothira Chiswahili ngati mchere. Ng'ombe ankazikonda mochititsa nsanje. Kumeneko ng'ombe sizigona pamatope ngati kwathu. Zimagona m'khola lofolera, iliyonse yomangirira pamalo pake, belu lili m'khosi, ndipo madzulo amazifukizira utsi wa ndowe zouma kuti udzudzu usazilume. Wokama ndi mwamuna. Mwa zonse a Ambokile ankakonda yofiira ina, dzina lake Sekela, yamwano, imene sinkalola munthu wina kuigwira mawere. Alfred anayesapo kamodzi n'kubwera kunyumba akutsimphina.

Moto unabuka m'chilimwe cha 1973, tsiku la mphepo. Utsi wofukizira uja unagwira denga la khola. Akuluwo anamasula ng'ombe zonse, koma chingwe cha Sekela chinali pa mzati umene unali utayaka kale, mfundo itakana. Anaugwira mzatiwo ndi dzanja lamanja n'kuuzula. Sekela anatuluka osapsa ngakhale ubweya. Ku chipatala cha ku Karonga anawasamala bwino, bala linapola, koma anawachenjeza kuti chipsera chidzakoka zala, ndipo ngati safuna zimenezo apite kumwera akawachite opaleshoni. Iwo anafunsa kuti ng'ombe asiyira yani, n'kukwera galimoto yobwerera kumudzi.

Mvula isanayambe zala zinali zitayamba kupindikira m'chikhatho ngati phazi la nkhuku yophika. Anthu anamanga khola latsopano, koma mwini wake ankangoima pakhomo pake n'kumayang'ana achibale akumukamira. Sekela anali ndi bere, ndipo Alfred anati adzabereka mvula ikamakata. A Ambokile anamuuza poyera kuti ngati pofika nthawi imeneyo sadzatha kukama okha, adzaitana abale n'kuwagawira ng'ombe zonse, kenako iwo adzakhala pansi n'kumadikira. Chodikiracho sanachitchule, koma tonse tinamva. Mbale zinayamba kubwerera pa chitsa paja zili zodzaza. Yunike anayesa mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zija, anayesa chambiko, koma zonse zinkadyedwa ndi nyerere.

"NyaDibi," anandiuza m'mawa wina, maso ali ofiira, "mundibwereke manja anu."

Anandiphunzitsira pa dzanja lake lomwe. Kuwawula tsamba la nthochi pamoto, kukulunga dzanja kuti lifunde, kupaka mafuta, kusisita mozungulira ndi chala chachikulu, kenako kukoka chala chilichonse pachokhapachokha. Zinkaoneka zophweka. A Ambokile anavomera, poti ine ndinali mlendo wopanda mwambo wondiletsa. M'mawa uliwonse ndinkapita kukawasisita pansi pa mango, ndikamabwerera n'kupeza Yunike akundidikira m'nthochi ndi mafunso ake.

"Pansi pa chala chachikulu pali uli? Pakulimba ngati chikopa kapena ngati chinangwa chosapsa?"

"Pakulimba basi."

"Mukakanikiza, mtsempha ukuthawira kuti?"

Mtsempha umathawanso? Anandigwira zala n'kuziyang'ana mwachisoni. "Muli ndi mtima, NyaDibi, kweni manja anu ngogontha."

Zinandiwawa, koma sankanama. Poyamba m'chibakera cha akuluwo munkalowa bango. Patapita milungu bango lija linayamba kukana. Ndinkasisita, ndinkapemphera, dzanja likungotsekeka ndikuona. Tsiku lina mtima unandikwera, ndinaika kamphika ka mafuta pansi n'kulankhula mosapsatira.

"Tata, mankhwala alipo, manja odziwa alipo, ali apo kuseri kwa nthochi. Mwambo wanuwu ukukudyerani dzanja inu mukuyang'ana."

Sanandiyang'ane. Anabweza dzanja lawo n'kulifunditsa ndi malaya. "Mama wa ku dibi, kwanu mumakama ng'ombe?"

"Ayi, Tata."

"Basi. Muyende bwino."

Alfred anandikalipira kuti kwa eni kulibe mkuwe, ndipo ndidzamuthamangitsitsa pantchito ndi pakamwa panga. Yunike atamva anagwira mutu. Anati wokhudza apongozi ake amatuluka zilonda, amanjenjemera mpaka kufa, mwinanso tsoka limagwera ana. Anali wa kwaya ya kutchalitchi, woimba bwino, koma zimenezi ankazikhulupirira mpaka m'mafupa. Ndinakhala kunyumba masiku angapo nditafufuma ndi mkwiyo, ndikukwiyira akuluwo, Yunike, mwambo, ndi ng'ombe yomwe.

Kenako m'mawa wina, mvula ya usiku itangosiya, ndinapeza a Ambokile ataima pakhomo panga, ndodo ili kudzanja lamanzere.

"Mwaghona, mama," anandipatsa moni wa m'mawa wa Chinkhonde. "Tiyeni."

Sananene kumene tikupita. Tinadutsa m'nthochi madzi akutidonthera m'khosi, nkhungu ikukwera pansi ngati utsi. Tikuyandikira nyumba ya Yunike anatsokomola mokweza, ndipo ndinamva mapazi akuthamangira m'khitchini. Iwo anazungulira kuseri kwa khitchiniyo. Khoma lake linali la nsungwi zomata dothi. Anayamba kuligogomola ndi nsonga ya ndodo, dothi likugwa, kenako anathyola nsungwi imodzi mpaka panatsala bowo lokwana mkono. Anakoka mtondo wakale umene unali pomwepo n'kukhalapo, nkhope atalozetsa kukhola. Ine anandilozera pangodya. Khomo la khitchini linali chakumbali, moti ndikakhala pamenepo ndinkaona akuluwo kunja ndi Yunike mkati.

"Mama wa ku dibi," anatero, "uzani khomali mawu anga. Dzanja la Mwakalinga linapsera m'khola, linatsala komweko. Ili ndi dzanja la moto. Makolo sananene kanthu za dzanja la moto."

Atatero analowetsa mkono pa bowo paja.

Ndinabwereza mawuwo, ngakhale kuti khoma ndi onse okhala kuseri kwake anali atamva kale. Yunike anali atadzipanikiza kukhoma linalo, chitenje chili kumutu. Madzi ankadontha kudenga, mabelu a ng'ombe ankamveka chapatali, ndipo dzanja lija linali lendee m'kachisisira ka m'khitchini. Sindidziwa kuti panapita nthawi yotani. Ndinaona Yunike akusuntha ndi maondo. Atafika pafupi anaomba m'manja motsitsa, kawiri katatu.

"NyaDibi, liuzeni dzanja la moto kuti limva kuwawa."

"Uzani khoma kuti linamva kale," anayankha akuluwo, ine ndisanatsegule pakamwa.

Yunike anatsinzina n'kuligwira. Poyamba sanasisite. Anangoliyendera ndi nsonga za zala, mzere ndi mzere, mutu uli chopendekeka, ndipo ndinaona mantha akumuchoka pankhope pang'onopang'ono, m'malo mwake mukubwera chidwi cha mmisiri. Anakanikiza penapake pansi pa chala chachikulu. Kunja akuluwo anakukuta mano, misozi n'kulengeza.

"Apa," anatero Yunike chapansipansi. "Mantha onse akhala apa."

Miyezi yotsatirayo ndi imene ndimaikumbukira ngati maloto. M'mawa uliwonse chifuwa chinkamveka m'nthochi, ine n'kukhala pangodya panga, mkono n'kulowa pakhoma. M'khitchini munkanunkhira tsamba lowawula ndi nsatsi. Yunike ankasisita mozungulira, mosafulumira, akung'ung'udza nyimbo za kwawo ku Ngara, ndipo chala chilichonse ankachinyengerera ngati mwana wokana kusamba. Akamaliza ankaika kanthu m'chikhathomo n'kumanga ndi chingwe cha nthochi kuti dzanja ligone lotsekuka. Anayamba ndi bango lomwe lija. Kenako munalowa chitsononkho chaching'ono. Tsiku limene munalowa nthochi yaiwisi ndinalulutira mpaka nkhuku zinabalalika, akuluwo n'kunena kuti amayi a kumwera alibe mabuleki.

Pa dziko lonse ndine ndekha amene ndinkaona nkhope ziwirizo nthawi imodzi, ndipo sindinauzepo mmodzi za mnzake. Sindinamuuze Yunike kuti eni ng'ombe amalira mwakachetechete akamawakoka chala chapakati. Sindinawauze akuluwo kuti mkamwana wawo ali ndi chipsera pakhosi, poti mwina sankadziwa n'komwe. Poyamba ankangolankhula za ntchitoyo. "Uzani khoma kuti usiku kunayabwa." "Liuzeni dzanja kuti lisakande, yayi, ndipakapo madzi a tsamba." Koma m'kupita kwa masiku a Ambokile anayamba kuliuza khomalo nkhani zina. Analiuza za mayi wake wa Sekela, amene anabadwa chaka cha chigumula. Analiuza za maiko a nkhondo kumene mvula imagwa yofunda, ndi za akazi awo omwalira amene ankaopa achule. Ankayambabe ndi "uzani khoma", koma ine ndinali nditasiya kalekale kubwereza. Nthawi zina ndinkawodzera, ndikadzidzimuka n'kupeza mawu a nkhalamba akuyendabe, nyimbo ya Yunike ikuyenda pansi pake, kunja kukuwaza kamvula.

M'mudzi nkhani inafala, nanga bowo pakhoma lingabisike? Pachitsime amayi ena anayamba kusuntha mitsuko yawo Yunike akafika. Ena ankati mkaka wa pakhomopo udzasanduka magazi. Kamwana kake kotsiriza katadwala malungo, Yunike anatuwa nkhope, ndipo ndinaganiza kuti basi zathera pomwepa. Tinakatengera kuchipatala, kanamwa mankhwala, kanachira. M'mawa mwake ndinamupeza akuwawula tsamba la nthochi. Ngakhale masiku amene amayi tonse tinkaitanidwa kukayeserera magule a chipani, kumene munthu sankayerekeza kujomba, iye ankadzuka tambala woyamba, dzanja n'kusisitidwa kaye, ndipo ankafika pabwalo akununkhira nsatsi.

Tsiku lina akuluwo atapita, Yunike anayamba kuyang'ana zikhatho zake.

"Adada anga anapita ku migodi ya ku Tanganyika ine ndili m'mimba," anatero. "Sanabwereko. Sindinagwirepo dzanja la bambo, NyaDibi. Kodi onse amalemera chonchi?"

Ine wa pakamwa ndinangoti enya, mwa Chitumbuka chake, n'kuyamba kusonkheza moto umene unali kuyaka kale.

Chala chachikulu ndicho chinayamba kumvera. Cholozera chinatsatira, kenako chapakati, mokakamira. Ziwiri zotsalazo zinakaniratu, ndipo Yunike anati zisiyidwe, munthu sakama ndi kachala kakang'ono. Khungu la m'chikhatho, limene linali lolimba ngati chikopa cha ng'oma, linafewa n'kumakwinyika. Mbale zinayamba kubwerera zopanda kanthu. Za kugawa ng'ombe sitinamvenso, koma panalibe amene anadziwa ngati zala zitatuzo zili ndi mphamvu yokwana. Akuluwo sanayese pa ng'ombe ina iliyonse. Anati adikira Sekela, mwini wake wa motowo.

Sekela anabereka mvula ikukata, monga ananenera Alfred. Masiku oyamba mkaka unali wa mwana wake, ndipo mkono unkabwerabe pakhoma. Kenako kunacha m'mawa wina wowala, wopanda nkhungu. Yunike anali atawawula tsamba, mafuta ali m'kamphika, ine ndili pangodya. Tinadikira chifuwa, koma sichinamveke. Tsamba linazizira, analiwawulanso. Ndinayamba kuda nkhawa kuti mwina akuluwo adwala.

Ndipo kuchokera kukhola kunamveka belu, kenako mawu aakulu otsitsa, akulankhula Chinkhonde monyengerera. Kenako kanthu kanamveka, kakang'ono kwambiri: tswii. Chete. Tswii. Unali mkaka ukugunda pansi pa chipanda chopanda kanthu.

Ndinadzambatuka. "Ndikaone, ndidzakuuzeni!"

Anandigwira chitenje. "Khalani pansi, NyaDibi. Ndikumva."

Anatsinzina monga ankachitira posisita. Phokosolo linali lotsimphina, lina lalitali, lina lalifupi, nthawi zina n'kudukiza moti mtima wanga unkaima nawo. "Chapakati chikuchedwa," ananong'ona. "Chaulesi chimenechija." Anaseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira osadutsa pena paliponse. Kukhola mkaka unapeza mayendedwe ake. Kulira kwa mkakawo kunayamba kunenepa chipanda chikamadzaza, mpaka kunasanduka kwa thovu, ndipo tinakhala choncho awiriwiri, dzuwa lobiriwira likulowa pa bowo paja n'kugwera pa kamphika ka mafuta.

Patapita nthawi chifuwa chinamveka m'nthochi. Yunike anapukuta maso n'kusendera pakhoma, manja ali okonzeka. Koma a Ambokile sanakhale pa mtondo. Anawerama, mkono n'kulowa, ndipo zala zitatu zinali zitagwira chikho chaching'ono cha mkaka wofunda, osataya ngakhale dontho. Yunike anachilandira ndi manja awiri.

"Mama wa ku dibi," anatero akuluwo, "uzani khomali kuti ndagha. Ndagha fijo." Ndiko kuthokoza kwa Chinkhonde. "Muliuzenso kuti moto wabweza dzanja kwa mwini wake. Bowoli likulowetsa mphepo, ana angadwale. Limatidwe."

Mkono unabwerera kunja. Ndinayang'ana Yunike, ndinayang'ana akuluwo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinalakalaka ndikanakhala pena pomwe sindikuona onse awiri.

"Yewo, adada," anatero Yunike. Sanati NyaDibi auzeni. Ananena yekha, molunjika pa bowopo, motsitsa.

A Ambokile anali atayenda kale pang'ono. Anaima, msana uli kwa ife. Kenako anatsokomola, ngakhale panalibe woti achenjezedwe, n'kulowa m'nthochi.

Anakhalanso ndi moyo zaka zingapo, akukama m'mawa uliwonse ndi zala zitatu, ndipo ng'ombe zawo anafa nazo zili m'khola mwawo. Yunike sanawaonepo nkhope mpaka kumanda, ndipo dzanjalo sanaligwirenso.

Masana a tsiku la chikho cha mkaka lija ndinapeza Yunike kuseri kwa khitchini akuponda dothi. Mtima unandikweranso.

"Ndiye mukumatadi? Miyezi yonseyi, lero basi khoma? Osasiya bwanji, mwina chala chija chidzafunanso mafuta!"

"Sichidzafuna," anatero. "Ndinachimva. Chachira, NyaDibi. Mumafuna ndikhumbe kuti chisachire?"

Analowetsa nsungwi yatsopano, anaimanga, n'kuyamba kuponyapo dothi chibuma ndi chibuma mpaka kuwala kunasiya kulowa. Ine ndinangoima ndi mkwiyo wanga wopanda pougwetsera. Bowo litatsekeka anaviika dzanja m'madzi n'kuyamba kusalaza pamalopo ndi chala chachikulu, mozungulira, mosafulumira. Anasalaza nthawi yaitali kuposa imene khoma limafuna.